Kodi Boma Ligule Chimanga Chathu?

FUNSO: Akonzi, ena amati boma lisiye malonda m'manja mwa amalonda, ena amati popanda boma mlimi ndi mwana wamasiye. Kodi choona n'chiti? — Mlimi, Ntchisi

YANKHO: Bambo, nkhani mwafunsayi inasautsa ngakhale Farao, amene atamva uphungu wa Yosefe anasunga tirigu m'zaka za dzinthu dzambiri kuti anthu asafe m'zaka za chilala. Kwathu kuno ADMARC, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971, inkafika ndi sikelo yake kumidzi yakutali, koma inkagula mbewu za alimi ang'onoang'ono pamtengo wotsika, phindu lake n'kumapita kuminda ikuluikulu ya fodya. Pamene mu 1987 amalonda wamba analoledwa kugula mbewu, monga Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inalangizira, misika ina ya ADMARC inatsekedwa, ndipo mayi wa kumudzi kopanda msewu, atasenza dengu lake pamutu, anapeza vendala mmodzi yekha wotchula mtengo monga afunira. Njala ya 2002, imene inadza chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa, inatiphunzitsa ndi misozi.

Komabe walira mvula walira matope: makuponi a fetereza oyamba mu 2005 anadzaza nkhokwe, koma ndalama zake ndi msonkho wathu womwewo umene ukanagula mankhwala m'zipatala.

Ine nditi boma lisunge chimanga cha tsiku la njala, likonze misewu, liyese masikelo a ogula; zotsalazo lisiyire amalonda. Funsani phungu wanu za nkhokwezo mvula isanagwe.