Jeke wa giyabokosi: chida chofunika posintha klatchi ya Mazda MX-5 pakhomo

Mazda MX-5 ndi kagalimoto ka mipando iwiri kamene kanayamba kugulitsidwa mu 1989. Ku America amakatchula kuti Miata, ndipo amene anaitanitsa mtundu woyamba kuchokera ku Japan amapeza kuti kalembedwa Eunos Roadster. Injini yake ili kutsogolo, koma mphamvu imapita ku matayala akumbuyo, choncho giyabokosi inagona chamtali pansi pa galimoto, pakati pa mipando. Eni ake ambiri amakonda kuikamo klatchi yolimba ndi flywheel yopepuka yopangidwa ndi makampani ena monga Exedy ndi ACT. Ntchitoyi imatheka pakhomo, koma simungafike pa klatchi musanatsitse giyabokosi. Ndiye chifukwa chake tikukudziwitsani za jeke wa giyabokosi.

Jekeyu ndi wotani?

Ndi jeke wamfupi wokhala ndi timatayala tinayi totembenukira mbali iliyonse. Pamwamba pake pali mbale yachitsulo yotakata, pamodzi ndi tcheni kapena lamba womangira giyabokosi kuti isagubuduke. Ena amakwera ndi oyilo mukamapopa, ena amakwera mukamazungulitsa chogwirira. Chomusiyanitsa ndi jeke wamba n'chakuti mbale ija imapendekeka: mukapotokola zomangira zake, imaweramira kutsogolo, kumbuyo kapena cham'mbali pang'onopang'ono mmene mukufunira. Palinso mbale zogulitsidwa pazokha zomangirira pa jeke wamkulu wa m'galaja. Zimathandiza ndithu, ngakhale zimatalikitsa jeke, ndiye galimoto imafunika kuikweza kwambiri.

Giyabokosi ya MX-5 si yolemera ngati ya lole, ndipo n'zoona kuti amakaniko ena amailandira pachifuwa atagona chagada. Ife tikuti musatero. Kutsitsako mwina mungakwanitse, koma pobwezera m'pamene pali nkhani. Shafti yakutsogolo kwa giyabokosi iyenera kulowa m'mano a pakati pa mbale ya klatchi, kenako nsonga yake ikalowe m'kabering'i kamene kali pakati pa flywheel. Ikangopendekeka pang'ono, silowa. Munthu amene manja atopa amayamba kugwedeza, kukankha ndi bondo, kapena kuisiya giyabokosi italendewera pa shaftiyo kuti apume. Kulemera konseko kumakhotetsa pakati pa mbale yatsopano, ndipo klatchi yogula ndi ndalama zambiri imayamba kukana kumasula magiya tsiku loyamba lomwe. Jeke amanyamula katunduyo, inu n'kumangowongolera.

Konzani malo

Jekeyu amafuna pansi pa simenti posalala. Pa dothi kapena pa mchenga timatayala take timatitimira. Kwezani galimoto mbali zonse zinayi pafupifupi theka la mita, ndipo ikhale pa masitandi anayi achitsulo oikidwa pamalo amene buku la galimotoyo lasonyeza. Njerwa ayi, mabuloko a simenti ayi, zitsa ayi: zimasweka kapena kuterereka osapereka chizindikiro. Musanalowe pansi, igwedezeni galimotoyo mwamphamvu. Mukhalenso ndi mnzanu pafupi nthawi yonse imene muli kunsi.

Kutsitsa

Masulani batire, limene pa MX-5 za 1989 mpaka 2005 limakhala kubuti. Khuthulani oyilo wa giyabokosi, wokwana pafupifupi malita 2, chifukwa mukasolola propshafti amatayikira kumchira. Chotsani ndodo ya magiya muli m'kati mwa galimoto. Pansi chotsani chigawo cha ekizozi chotchinga njira, propshafti mutaika chizindikiro polumikizira kuti idzabwerere mmene inalili, sitata, mawaya, ndi kasilinda kokankha klatchi, kamene mungangokamangirira pambali osamasula paipi yake. Pali chitsulo chachitali cha aluminiyamu chotchedwa PPF cholumikiza giyabokosi ndi difu. Pa galimotoyi ndicho chimagwira mchira wa giyabokosi, choncho ikani jeke pansi ndi kumanga tcheni musanachimasule. Mabawuti apamwamba olumikiza giyabokosi ndi injini amabisala, amafuna ndodo zazitali zolumikizira sipanala. Onse akachoka, kokerani jeke kumbuyo mowongoka mpaka shafti itatulukiratu, kenako muzitsitsa.

Fumbi la pa klatchi musaliuzire ndi mpweya, popeza maklatchi ena akale ali ndi asibesitosi. Pukutani ndi mankhwala otsukira mabuleki.

Sankhani zoikamo mofatsa

Pano ndi pamene anthu ambiri amataya ndalama. Klatchi yolimba siwonjezera mphamvu ya injini. Imangopirira mphamvu imene ilipo kale. Ngati injini yanu simunaiike turbo, klatchi yofanana ndi ya kufakitale kapena yolimbirapo pang'ono ndi yokwanira. Zija zokhala ndi timapiko tinayi kapena tisanu ndi kamodzi ta seramiki zinapangidwira mpikisano. Zimagwira mwadzidzidzi, galimoto imadumpha ponyamuka, ndipo pamzere wa magalimoto m'tauni mwendo wamanzere umalema msanga.

Flywheel yopepuka, imene ena amaipanga yolemera pafupifupi theka la ya kufakitale, imachititsa kuti injini izikwera ndi kutsika liwiro msanga, ndipo kusintha magiya kumakoma. Koma mudziwiretu kuti galimoto imazima mosavuta ponyamuka pamtunda, ndipo giyabokosi imatha kumalira phokoso lachitsulo injini ikamalira galimoto itaima. Onetsetsaninso kukula kwake: injini ya malita 1.6 ili ndi klatchi ya mamilimita 200, pamene ya 1.8 ili ndi ya mamilimita 215. Ya 1.8 imalowa pa injini ya 1.6 pokhapokha mutasintha flywheel ndi klatchi limodzi. Musasakanize.

Giyabokosi ili pansi chomwechi, sinthiranitu kabering'i ka mu flywheel, bering'i yokankha klatchi, ndiponso silo ya kumbuyo kwa injini ngati ikudontha oyilo. N'zotsika mtengo, koma chimodzi chikafa mawa, ntchito yonseyi mudzaibwereza.

Kubwezera

Pa MX-5 za 1989 mpaka 2005, mabawuti asanu ndi limodzi a flywheel apakeni mankhwala omatira mano ake, ndipo muwamange modumphadumpha ndi torque wrench mpaka pakati pa 96 ndi 103 Nm, pokhapokha opanga flywheel yanu atalemba zina. Tsukani mafuta oteteza dzimbiri pa flywheel ndi pa pressure plate, chitsulo chokanikiza mbale ya klatchi. Mbale ya klatchi ili ndi mbali yoyang'ana ku injini; ionetsetseni. Lowetsani kachida kapulasitiki kamene kamabwera m'bokosi la klatchi kuti mbale ikhale pakati penipeni, kenako mangani mabawuti a pressure plate pang'onopang'ono modumphadumpha mpaka 18 kufika 26 Nm pa magalimoto a zaka zomwezo. Girisi pa mano a shafti akhale wongopaka ndi nsonga ya chala. Wochuluka amathamangira pa mbale, klatchi n'kuyamba kuterera.

Tsopano kwezani giyabokosi. Yang'anani mpata wa pakati pa iyo ndi injini: ukhale wofanana pamwamba, pansi ndi m'mbali monse. Ukasiyana, pendeketsani mbale ya jeke mpaka ufanane. Ikani giya, lowetsani propshafti kumchira ndi kuipotokola pang'ono kuti mano alumane. Zikakhala bwino imalowa ndi mphamvu ya manja basi. Ikakana patatsala sentimita imodzi kapena ziwiri, bwererani m'mbuyo muyambirenso. Musaikoke ndi mabawuti, mungaphwanye kabering'i kapena kung'alula aluminiyamu.

PPF musaimange mwachisawawa. Kutalika kwa mchira wa giyabokosi kuli ndi muyeso wake m'buku la Mazda, ndipo jeke yemweyu ndi amene amakuthandizani kuugwira pamalopo mukamamanga. Thirani oyilo wa 75W-90 wa gulu la GL-4 mpaka ayambe kutulukira pabowo lothirira, ndipo yesani magiya onse galimoto isanatsike pa masitandi. Makilomita mazana angapo oyamba yendani modekha, osanyamuka mwaukali, kuti mbale ndi flywheel zizolowerane. Pepala la m'bokosi la klatchi limanena mtunda wake weniweni. Jekeyo mupukuteni, mumutsitse mpaka pansi, ndipo mumusunge pouma.