Moyo wa Munthu Atamuika Sitenti mu Mtima

Mtima ndi mnofu, ndipo nawonso umafuna magazi kuti ugwire ntchito. Magazi amenewa amadzera m'mitsempha ing'onoing'ono imene inayanga pamwamba pa mtimawo. Pakapita zaka, mafuta amamatirira m'kati mwa mitsemphayi ndipo njira imachepa. Tsiku lina mafuta aja amang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira n'kutsekeka. Mbali ya mtima imene yasowa magazi imayamba kufa. Munthu amamva chifuwa kulemera ngati atsamiritsapo thumba la chimanga, ndipo thukuta limangoti kamukamu.

Madokotala amatha kutsekula njirayo. Amalowetsa kapaipi kakang'ono mu mtsempha wa padzanja kapena wa m'mphechepeche, nakakankha mpaka kumtima. Pamalo potsekekapo amafufumitsa kabaluni, kenaka amasiyapo kachitsulo kolukidwa ngati mono wa nsomba. Kukula kwake n'kofanana ndi kachubu ka inki ka m'bolopeni. Dzina lake ndi sitenti. Dokotala Andreas Grüntzig ndiye anayamba kutsekula mtsempha wa mtima ndi baluni, mu 1977, ku Zurich. Sitenti yoyamba inaikidwa mu mtima wa munthu mu 1986, ku Toulouse m'dziko la France. Amalawi ena amakalandira thandizo limeneli ku India kapena ku South Africa.

Tsono wodwala wabwera kumudzi. Chimatsatira n'chiyani?

Sitenti sachotsa. Imakhala mommo moyo wonse, ndipo pang'onopang'ono khungu la m'kati mwa mtsempha limamera n'kuikuta. Anthu ambiri amabwerera ku ntchito zawo, kulima ndi kukwera njinga komwe, ndipo amakhala zaka zambiri. Koma mnofu wa mtima umene unafa kale sumeranso. N'chifukwa chake amene anafika msanga kuchipatala amapeza bwino kuposa amene anachedwa.

Masitenti akale anali ndi vuto. Khungu lija linkamera mopitirira mpaka njira n'kuchepanso. Pa anthu 10 alionse, awiri kapena atatu zinkawachitikira. Kuyambira 2002 kunabwera masitenti opakidwa mankhwala oletsa zimenezi, ndipo tsopano zimachitikira osakwana mmodzi pa 10.

Vuto loopsa ndi lina, anzanga, ndipo apa tiwerenge mofatsa. Khungu lisanaikute sitenti, magazi amatha kuundana pa chitsulocho. Zikatero njira imatsekeka mwadzidzidzi ndipo munthu akhoza kufa tsiku lomwelo. Pofuna kupewa izi, dokotala amapereka mapiritsi amitundu iwiri: asipirini ndi ena monga clopidogrel. Kawirikawiri onse awiri amamwedwa pamodzi miyezi 12. Ikatha miyeziyo, dokotala amasiyitsa mtundu umodzi, winawo munthu amamwa moyo wake wonse.

Ife tinazolowera kusiya mankhwala tikamva bwino m'thupi. Ndi mankhwala awa, chizolowezi chimenechi chimapha. Munthu wa sitenti amaoneka wamphamvu, achibale n'kumati, "Bambo, mwachira inu, mapiritsi onsewa ngachiyaninso? Ndalama zikungotha." Musawamvere. Ndipo ngati ndinu mayi wa pakhomopo, werengani mapiritsi a bambowo. Akatsala a sabata imodzi, yambani kufunafuna ena.

Mapiritsiwa amachedwetsa magazi kuundana, choncho bala limatenga nthawi kuti lileke kukha magazi. Mukafuna kuchotsa dzino, uzani dokotala wa mano kuti muli ndi sitenti. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati makala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mwina m'mimba mukutuluka magazi. Kusiya kapena kusintha mankhwala ndi kwa dokotala yekha.

Kumbukiraninso kuti sitenti imakonza malo amodzi okha. Zili ngati kuchotsa matope pamalo amodzi mu ngalande yaitali ya kudimba. Mafuta aja akadalipo m'mbali zina za mitsempha, ndipo pakapita zaka matenda amatha kubukira pamalo ena. Mapiritsi ochepetsa mafuta m'magazi ntchito yake ndi imeneyi. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga ziyezedwe kawirikawiri. Mchere uchepe m'ndiwo. Fodya ndiye ayi ndithu, ngakhale ndudu imodzi.

Chifuwa chikayambanso kulemera, osadikira kuti kuche, osayamba mwapita kwina. Pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo tengani kabuku ka kuchipatala kolembedwa tsiku limene anaika sitenti ndi maina a mankhwala onse.