Azakhali: Gogoda Wofiira ndi Miyala ya ku Paris

Azakhali,

Amuna anga amagwira ntchito ku London, ndipo andiitana kuti tikakhale masiku anayi ku Paris pokumbukira zaka khumi tili pabanja. Ndagula kale madiresi atatu, wigi ndi gogoda wofiira. Koma dzulo anditumizira ndondomeko ya ulendo: Louvre, Versailles, nyumba zakale zokhazokha. Ine ndikufuna zithunzi pa Eiffel Tower kuti azilamu anga aone. Ndiwauze bwanji?

Wodandaula, Lilongwe

Mwanawe,

Anzako amandilembera kuti bambo sanagone pakhomo, ena kuti ndalama ya ndiwo yathera kumowa. Iwe dandaulo lako ndi Paris. Ndayamba ndamwa kaye madzi.

Tiyambe ndi gogodayo. Bwalo lolowera ku Versailles analiyala miyala, apa potukuka apo polowa, ndipo Louvre ndi chinyumba choti umayenda mpaka mawondo kukudandaulira. Ine ndinapitako ndi nsapato zatsopano, ndinabwerako ndikutsimphina ngati nkhuku yopondedwa ndi njinga. Masana vala zafulati, gogoda adikire m'chikwama. Akamwini anganso uwauze ayang'ane kalendala: Louvre satsegula Lachiwiri, nyumba yachifumu ya Versailles satsegula Lolemba. Paja safunsa anadya phula.

Ndikukudziwa, ukangolowa mu Louvre ukathamangira kwa Mona Lisa. Ukakhumudwa. Mayiyu ndi wamng'ono, masentimita 77 mulitali ndi 53 mulifupi, ngati chitseko cha kabati ya mbale. Leonardo da Vinci anamujambula pathabwa. Lero ali kuseri kwa galasi, ndipo pakati pa iwe ndi iye pamakhala chikhamu cha anthu atakweza mafoni m'mwamba, kukankhana ngati pogula feteleza wotsika mtengo. Mbiri yake ina inabwera ndi wakuba. Mu 1911 Vincenzo Peruggia, Mtaliyana amene anagwirapo ntchito momwemo, anamunyamula n'kutuluka naye. Nyuzipepala zinafuula, anthu n'kumabwera kudzaona khoma lopanda kanthu, mpaka anakapezeka ku Florence mu 1913. Ngakhale kwathu kuno mkazi wofatsa amayamba kutchuka tsiku limene wasowa pakhomo.

Ukamuona mphindi imodzi, tembenuka. Kumbuyo kwakoko kuli chithunzi chachikulu kuposa zonse mu Louvre, chimene anthu ambiri amachilozetsa nkhongo: Ukwati wa ku Kana, chimene Paolo Veronese anamaliza mu 1563. Kutambalala kwake pafupifupi mamita 10, kutalika pafupifupi 7. Iwe wakhalapo m'komiti ya ukwati, ndiye ichi ukachimva kuposa azungu onse m'chipindamo. Anthu ndi oposa zana, ndipo sindikhulupirira kuti onsewo analandira makadi. Yesu ali pakati, amayi ake pambali pake. Oyimba ali kutsogolo ndi zipangizo zawo. Kumtunda kuli anthu akudula nyama, pansi agalu akudikira mafupa, kudzanja lamanja wantchito wawerama akutsanula vinyo mumtsuko. Eni ukwati? Ukawafune bwino. Anawakankhira kumapeto kwa tebulo, kudzanja lamanzere, monga zinakuchitikirani inu pa tsiku lanu, pamene azilamu ako omwewo anadzaza tebulo lapamwamba. Ima pamenepo nthawi yaitali, akamwini anga akhale pambali pako, muziloza achibale anu mmodzimmodzi. Wina akutokosa m'mano, umupezamo ndithu.

Chithunzichi kwawo ndi ku Venice. Chinali m'chipinda chodyera cha amonke a ku San Giorgio Maggiore, asilikali a Napoleon n'kuchichotsa mu 1797, ndipo mpaka lero sichinabwerere. Kutenga chinthu cha eni osabweza sikunayambe ndi amene anabwereka poto wako wamkulu uja.

Ku Versailles ndiye sungadandaule. Mfumu Louis XIV inasamutsira boma lake kumeneko mu 1682, ndipo inasiya chipinda chachitali chokhala ndi magalasi 357. Iwe amene umachedwetsa anthu kutchalitchi chifukwa cha kalilole mmodzi, ukakhuta. M'chipinda chomwecho anasainiramo pangano la mtendere mu 1919, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Koma nkhani imene ine ndimaikonda ndi ya amayi a pamsika. Mu Okutobala 1789, buledi atasowa komanso kukwera mtengo, iwo anayenda wapansi kuchoka ku Paris, makilomita pafupifupi 20, mvula ikugwa, mpaka pachipata cha nyumba yachifumuyo. Mawa lake mfumu Louis XVI ndi mkazi wake Marie Antoinette anatengedwa kupita ku Paris, ndipo ku Versailles sanakagonekonso. Ukamadutsa pachipatapo uganizire amayi a ku Lizulu atasiya tomato wawo n'kuuyamba ulendo.

Tsopano za azilamu ako. Amuna ako usakangane nawo, usiku ndi wako. Nsanja ya Eiffel yaima pamenepo kuyambira 1889, sithawa. Kukada imathwanima kwa mphindi zisanu ola likangokwana. Kaime ku Trocadéro, kutsidya kwa mtsinje wa Seine, uvale gogoda, ukonze wigi, akamwini anga agwade ajambule. Chithunzi chimodzi chabwino chikwanira kuti anthu ena asadye nsima masiku awiri.

China, polowa m'sitolo iliyonse yamba ndi moni, "Bonjour". Kumeneko amene salonjera amamuyang'ana ngati wolowa m'nyumba ya eni popanda odi.

Ine usandibweretsere kansanja ka pamakiyi, ndili nato kale tinayi. Undigulire pefyumu, ndipo ukabwera udzandiuze agalu a ku Kana aja unawerenga angati.

Azakhali ako