Phunziro la Zaumoyo: Kuyeza Mphamvu ya Mapapo Poyenda

Ntchito ya mlimi wa ndiwo zamasamba m'dera la Livingstone sithera kudimba. Repu, matimati ndi anyezi ziyenera kufika pamsika wa Maramba m'mamawa, ndipo mtunda wochokera potsikira galimoto kukafika pogulitsira amauyenda ndi miyendo, dengu lili pamutu. Motero nthenda yokhalitsa ya m'mapapo imayamba kuonekera pa kayendedwe, mwini wake asanavomere n'komwe kuti akudwala.

Nthenda zotere zili ndi magwero odziwika. Chifuwa chachikulu chimatha kusiya zipsera m'mapapo ngakhale munthu atatsiriza mankhwala a miyezi 6. Utsi wa nkhuni ndi makala m'khitchini yopanda mazenera, fodya, ndiponso fumbi la popuntha ndi popeta mbewu zimawononga njira za mpweya pang'onopang'ono. Choopsa n'chakuti thupi limazolowera. Munthu amachepetsa liwiro, amaima pa ogulitsa kapenta kapena salaula ngati akupereka moni pamene akufuna kupuma, kenaka amayamba kulipira wa wilibala pa katundu amene kale ankasenza yekha. Akafunsidwa amangoti ndi ukalamba.

Ife alimi sitikhulupirira maso okha. Chimanga timachiika pa sikelo, munda timauyeza ndi chingwe. Mphamvu ya mapapo nayonso imayezeka. Mu 1976 dokotala McGavin ndi anzake ku Edinburgh anayeza mtunda umene odwala mapapo ankayenda pa mphindi 12. Mu 1982 Butland ndi anzake anaonetsa kuti mphindi 6 n'zokwanira, ndipo mu 2002 bungwe la American Thoracic Society linalemba malamulo a muyesowu amene zipatala zambiri zimatsata.

Pamsika penipeni sipoyenera kuyezera chifukwa cha khamu la anthu. Tipeze malo osalala, amthunzi, otalika mamita 30, ndi kuika mwala uku ndi uko. Tiyeze kukadali kozizira, makamaka mu Okutobala pamene Livingstone imatentha kwambiri. Wodwala apume kaye atakhala pansi mphindi 10. Kenaka ayende uku ndi uku mwachangu monga angathere, osathamanga ndiponso osasenza kanthu. Ngati amayenda ndi ndodo, ayende nayo. Akatopa aime, koma wotchi isaimitsidwe. Ulendo wopita ndi kubwera ndi mamita 60. Choncho maulendo 6 ndi mamita 20 otsalira akwana mamita 380. Akuluakulu athanzi kawirikawiri amayenda pakati pa mamita 400 ndi 700.

Woyeza ayang'anenso mayendedwe ake: kodi akuponda pafupipafupi, akukwakwaza mapazi, akudzandira, kapena akuwerama ndi kugwira mawondo kuti apeze mpweya? Alembe kuti waima kangati. Palinso muyeso wachidule: munthu akatenga masekondi opitirira 5 kuti ayende mamita 4 pa liwiro lake la masiku onse, ndiye kuti wafooka ndithu.

Muyeso uleke pomwepo ngati wodwala amva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kukokana kwa miyendo, kapena phuma losapiririka. Amene wadwala mtima mwezi womwewo asayese konse popanda chilolezo cha dokotala.

Phindu lenileni lili m'kubwereza. Tilembe tsiku ndi mtunda m'kope lomwe timalembamo zokolola, ndipo tiyezenso mwezi ndi mwezi pamalo omwewo. Akatswiri amati kusintha kwa mamita pafupifupi 30 sikochepa. Mtunda ukatsika motero, kapena munthu akamatsokomola kupitirira masabata 2, akamaonda kapena kutuluka thukuta usiku, tipite naye ku kiliniki ya ku Maramba kapena kuchipatala chachikulu cha Livingstone, kope lili m'manja. Manambala adzauza namwino zimene mawu akuti "ndikungotopa" sangathe kufotokoza.

Wodwala mapapo asangokhala pakhonde, pakuti miyendo yosayenda imafooka, ndipo ikafooka phuma limabwera msanga. Kuyenda tsiku ndi tsiku, kuphikira pamalo opita mphepo, kusiya fodya ndi kugawa katundu wa kumsika m'madengu ang'onoang'ono kumathandiza mlimi kupitiriza kudyetsa banja lake. Tiyambe mwezi uno ndi makolo athu, ndi onse amene anachira chifuwa chachikulu.