Ngakhale kwathu kotentha, mwanapiye amafuna moto

Alimi ambiri a m'maboma a Balaka ndi Machinga amadandaula kuti thadzi likaswa anapiye 12, okula amangokhala anayi kapena asanu. Enanso amagula anapiye a tsiku limodzi ndi ndalama zochuluka, koma sabata isanathe theka lafa. Ambiri amaloza chitopa, komatu nthawi zambiri chomwe chapha anapiyewo ndi kuzizira kwa usiku.

Mwina wina anganene kuti, kodi ku Ulongwe, ku Phalula kapena ku Liwonde kuli kuzizira kwanji? N'zoona kuti kuno kumatentha. Koma mwanapiye amabadwa ndi ubweya wokhawokha, ndipo thupi lake silitha kusunga kutentha mpaka atamera nthenga. Sabata yoyamba amafuna madigiri 32 mpaka 35, usana ndi usiku womwe. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, m'bandakucha kumazizira kwambiri kuposa pamenepa. N'chifukwa chake ndondomeko ya boma yofalitsa nkhuku zakuda za Mikolongwe, zochokera m'boma la Chiradzulu, inakhazikitsidwa yogulitsa nkhukuzo zitakwana masabata 6, nthawi yoopsayi itadutsa.

Konzani malo anapiye asanafike

Sesani m'khola ndi kuthiramo phulusa pofuna kuchepetsa utitiri. Tsekani maenje onse olowera makoswe. Pansi yalani utuchi wokhakhala kapena mankhusu a mpunga ouma bwino, kuchindikala masentimita 5. Alimi a ku Domasi ndi madera ena ozungulira nyanja ya Chilwa, mankhusuwa muli nawo pafupi. Pakati pa khola imikani mphasa kapena makatoni mozungulira, kutalika theka la mita. Malo otambalala mita imodzi ndi theka amakwanira anapiye 50. Musasiye ngodya, chifukwa anapiye akazizidwa amaunjikana pangodya n'kuphana okhaokha.

Moto

Ngati mulibe magetsi, gwiritsani ntchito mbaula kapena mphika wadothi wobowolabowola. Yatsirani makala panja, ndipo lowetsani pokhapokha utsi utatha. Ikani mphikawo pa njerwa ndi kuutchinga ndi waya kuti anapiye asapse. Siyani mipata ya mpweya kumtunda kwa khola, pakuti makala amatulutsa mpweya woipa wosaoneka umene umapha anapiye, ngakhalenso anthu. Anapiye ochepa, monga 20, nyali ya parafini imawakwanira.

Chipangizo choyezera kutentha si aliyense ali nacho, koma anapiye eni ake amakuuzani. Akaunjikana pafupi ndi moto uku akulira kwambiri, azizidwa. Akathawira kumphepete, kukamwa kuli yasa, mapiko ali tambasu, moto wachuluka. Akakhamukira mbali imodzi, pali mphepo yomwe ikulowa. Akamwazikana bwino, ena akudya ena akugona, zonse zili m'malo mwake. Dzukani kawiri usiku kukawaona, makamaka tambala woyamba akalira.

Chepetsani moto ndi madigiri atatu sabata iliyonse, uku mukukulitsa malo. Nyengo yozizira moto umafunika mpaka masabata anayi kapena asanu. Mu Okutobala ndi Novembala chotsani moto masana ndi kutsegula mawindo, chifukwa kutentha kopitirira nakonso kumapha.

Madzi ndi chakudya

Anapiye akangofika apatseni madzi poyamba, osakaniza ndi supuni imodzi yaikulu ya shuga pa lita imodzi. Chakudya chibwere pakatha maola awiri. M'mbale ya madzi ikanimo timiyala kuti asamire kapena kunyowa. Utuchi ukanyowa chotsani msanga, popeza chinyontho chimabweretsa matenda otsekula m'mimba a magazi.

Madeya okha sakuza mwanapiye. Ngati chakudya cha anapiye cha m'sitolo chakudulirani, sakanizani mbale 6 za mgaiwa, mbale zitatu za soya wokazinga ndi kugayitsa, ndi mbale imodzi ya matemba kapena usipa wosinja wopanda mchere. Soya wosakazinga amalepheretsa chakudya kugayika m'mimba. Chiswe ndi masamba oduladula n'zothandizanso.

Anapiye a thadzi

Thadzi limafunditsa ana ake lokha, choncho moto sufunika. Vuto ndi loti limawayendetsa m'mame mamawa ndi kuwaonetsa kwa akabawi ndi akhwangwala. Litsekereni pamodzi ndi anawo kwa masabata anayi, kapena liphimbeni ndi dengu lalikulu pamthunzi, n'kumawapatsa chakudya pomwepo. Mukayamba kuwatulutsa, dikirani mame aume.

Katemera

Chitopa chilibe mankhwala, ndipo chimabuka kawirikawiri nyengo yotentha. Katemera wa I-2, wopangidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku ya msinkhu uliwonse, miyezi inayi iliyonse. Amateteza nkhuku zamoyo bwino, sachiza zodwala kale. Ogula anapiye a tsiku limodzi afunse katemera amene analandira, ndi tsiku lowapatsa wa Gumboro.

Musanagule anapiye kaonaneni ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu. Onetsetsaninso kuti makala, utuchi ndi chakudya cha mwezi wathunthu zilipo kale pakhomo, chifukwa usiku umodzi wopanda moto ukhoza kuthetsa mpamba wanu wonse.