Amalume akamadumpha mzere pa siteji

FUNSO

Akonzi,

Ndine mnyamata wa kabaza pa Chiponde. Timanyamula anthu ndi katundu kuchokera pa boda kupita ku Mandimba, ena timawasiya ku Namwera. Posachedwapa anzanga anandisankha kukhala tcheyamani wa gulu lathu. Tili ndi lamulo loti aliyense adikire nthawi yake pa mzere, komanso timasonkha ndalama tsiku lililonse zothandizirana pa matenda ndi pa maliro. Vuto ndi amalume anga, omwe anandigulira njinga yanga yoyamba. Minibasi ikangoima iwo amadumpha mzere, ndipo kusonkha sasonkha. Anzanga ayamba kunena kuti ndine wofooka, akuti tcheyamani wakale ankakalipa ndipo anthu ankamuopa. Kodi mtsogoleri wabwino amakhala wotani? Ndiyambe ukali?

Wothedwa nzeru, Chiponde

YANKHO

Achimwene,

Ukali ayi. Anzanuwo sakulirira munthu wokalipa. Akufuna aone ngati lamulo la mzere limagwiranso abale a tcheyamani. Tsiku limene mudzakalipire mnyamata wina pa mlandu womwe amalume anu akupalamula m'mawa uliwonse, mudzakhala mutadzivula nokha udindowo.

Sindikupeputsa vuto lanu. Kwathu kuno, makamaka m'mabanja achiyao ndi achichewa, malume ndiye mwini mbumba. Ukwati wanu adzaimira ndi iwo, mukapalamula adzakupepeserani ndi iwo. Kuonjeza apo pali njinga ija. Komabe ngongole ya njingayo ndi yanu nokha. Musaibweze ndi makasitomala a anzanu, amene ayimirira padzuwa kuyambira mbandakucha kudikira munthu mmodzi wopita ku Mandimba.

Taganizirani za malemu Inkosi Theresa Kachindamoto a ku Dedza. Analowa ufumu mu 2003 atagwira ntchito ya ulembi kwa zaka zambiri pa koleji ya zaubusa ku Zomba. Ambiri timawakumbukira chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera atsikana ku sukulu. Chimene chimandigwira mtima ine ndi m'mene anayambira. Anasonkhanitsa mafumu awo aang'ono n'kugwirizana nawo molemba kuti maukwati oterewa athe. Mafumu ena atapitiriza kuwaloleza, anawaimitsa pa udindo, ndipo anawabwezera pokhapokha maukwatiwo atathetsedwa. Amenewo anali anthu awo, okhala nawo limodzi pa bwalo. Makolo a m'midzi ataona kuti ngakhale nyakwawa ikuimitsidwa, anazindikira kuti nkhaniyi si yamasewera.

Pa nyanja palinso phunziro. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, ufumu wa Makanjira (wa ku Salima, osati wa kuno ku Mangochi) wasunga malamulo a usodzi kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chilumbacho chimatsekedwa kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa. Asodzi ochokera kutali amamvera, chifukwa malamulowo amadziwika kwa aliyense asanaponye khoka, ndipo wolakwa amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa. Kuno kwathu ku nyanja ya Malombe, chambo chitasowa, makomiti a m'madoko anayamba mu 1993. Cholinga chinali chabwino, koma m'madoko ambiri asodzi ankawaona ngati makomiti a boma, osati awo, ndipo kukokanakokana ndi mafumu kunawafooketsa. Lamulo limene anthu sakuliona kuti ndi lawo amalimvera pokhapokha mlonda akuyang'ana.

Tsono mtsogoleri wabwino ndi wotani? Kwa ine, ndi amene lamulo limayamba kumuluma iye mwini ndi a kwawo. Zina zonse, kulankhula bwino pagulu, kudziwana ndi akuluakulu a pa boda, kuvala jekete pa msonkhano, n'zothandiza ndithu, koma sizingamuchirikize munthu wokondera. Dzifunseni kaye: kodi inuyo mumadikira pa mzere? Kasitomala wa matumba ambiri akafika n'kunena kuti akufuna tcheyamani, mumamuloza kwa amene ali kutsogolo? Anzanu amaona zimenezi ngakhale sanena.

Kenako ndalama. Apa ndikhalitsepo, chifukwa magulu ambiri a kabaza, a banki m'khonde ndi a mijigo amagwera pomwepa. Ndalama ya gulu isagone m'thumba lanu ngakhale usiku umodzi. Pakhale msungichuma, pakhale mlembi, pakhale kope limene aliyense angalitsegule. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, mwina Lachisanu anthu akachoka ku mzikiti, muwerenge poyera: zalowa zingati, zatuluka zingati, watsalira ndani. Popeza ena amalipidwa ma meticais akafika tsidya linalo, gwirizanani kuti chosonkha chikhale m'makwacha basi, kuti pasakhale mkangano wa mtengo wosinthira. Dzina la amalume likamveka pa mndandanda wa otsalira limodzi ndi ena onse, lowerengedwa ndi mlembi mopanda kunyoza, theka la ntchito yanu latheka.

Koma musawadzidzimutse pagulu. Munthu wamkulu sachititsidwa manyazi pamaso pa ana. Pitani kwawo madzulo, khalani pansi monga mphwawo, muwauze kuti: “Amalume, ndabwera kudzapempha thandizo. Anzanga andipatsa udindo, ndipo akuyang'ana inu kuti aone ngati ndiukwanitsa. Mukaima pa mzere, palibe wina angakane.” Mukatero mwawapatsa mpata woti akhale mzati wanu. Ngati mukuona kuti pakamwa panu palemera, tengani mayi anu kapena wamkulu wina amene iwo amamulemekeza. Mvetseraninso mbali yawo. Mwina msinkhu wawapeza ndipo sangapikisane ndi anyamata pokwera zitunda. Ngati ndi choncho, bweretsani nkhaniyo ku gulu, onse agwirizane zowachitira achikulire onse pa siteji, osati amalume a tcheyamani okha.

Akakana? Chindapusa chimene gulu linaika chiwapeze monga chimapezera wina aliyense, ndipo wochilengeza akhale komiti yonse, inu muli pomwepo, osazemba. Adzakwiya, mwina kwa miyezi, ndipo mawu adzafika kwa mayi anu. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Pa nthawi imeneyo musasiye kupita kwawo, kuwalonjera ndi kuwathandiza kumunda monga kale, kuti adziwe kuti mlandu wa pa siteji sunalowe m'banja.

Ngati malamulo anu sanalembedwe, itanitsani msonkhano sabata ino, muwalembe onse muli pamodzi, aliyense asainire kapena adinde chala. Dzina loyamba pa pepalapo likhale lanu.