Mbewu za GMO ndi Malamulo Ake: Mafunso ndi Mayankho

Kodi chimanga cha hayibulidi chimene timagula m'masitolo a zaulimi ndi GMO?

Ayi, ngakhale ambiri amasokoneza ziwirizi. Hayibulidi amapangidwa pokwatitsa mitundu iwiri ya chimanga: mungu wochokera ku ngayaye za mtundu wina umagwera pa ndevu za mtundu wina, monga akatswiri a ku Chitedze anachitira potulutsa MH18. Chimanga cha olenji ndi mbatata yofiira m'kati, zokhala ndi vitamini A zija, nazonso si GMO.

Mbewu ya GMO ndi imene asayansi aisintha chibadwa m'labotale. Amatenga kachidutswa ka chibadwa, kotchedwa jini, ku chamoyo china n'kukaika mu mbewuyo. Mwachitsanzo, m'nthaka muli tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Bacillus thuringiensis, mwachidule Bt, timene timapanga puloteni yopha mitundu ina ya mbozi. Jini yake ikaikidwa mu thonje, thonjelo limapanga lokha puloteniyo. Mbozi ikaluma tsamba, m'mimba mwake mumawonongeka, imaleka kudya n'kufa.

Nkhaniyi inafika bwanji kuno kwathu?

Inabwera ndi njala ya 2002. Mbali ya chimanga cha chithandizo chochokera ku America inali GMO. Zambia, pansi pa Pulezidenti Levy Mwanawasa, inakana kwamtuwagalu. Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anavomera, koma anafuna kuti chimangacho chiyambe chagayidwa. Chifukwa chake mlimi aliyense akuchidziwa: munthu amene wadya mbewu yake yonse ndi njala, mukamupatsa chimanga chosagaya amapatulako chobzala. Ufa sumera.

Chaka chomwecho Malawi inakhazikitsa lamulo la Biosafety Act. Malamulo ang'onoang'ono oliyendetsera anatuluka mu 2007, ndipo ndondomeko ya boma pa nkhaniyi inabwera mu 2008. Pa dziko lonse pali pangano la Cartagena, limene linayamba kugwira ntchito mu 2003. Panganoli limati dziko liyenera kuuzidwa ndi kuvomereza mbewu yotere isanalowe kudzabzalidwa, ndipo limalola dziko kukana ngati likukayika za chitetezo chake. Mmodzi mwa amene analimbana kwambiri kuti mayiko osauka akhale ndi mphamvu imeneyi anali Tewolde Berhan Gebre Egziabher wa ku Ethiopia.

Nanga m'Malawi muno chaloledwa n'chiyani?

Choyamba kuloledwa chinali thonje la Bt. Linayamba kuyesedwa m'munda wotchingidwa ndi mpanda ku Bunda mu 2013, linavomerezedwa kumapeto kwa 2018, ndipo alimi anayamba kulilima kuyambira 2019. Mbewuyo ndi ya kampani ya Mahyco ya ku India, yofalitsidwa kudzera ku kampani ya Quton. Ku Bunda komweko kwayesedwanso khobwe ndi chimanga cholimbana ndi ntchemberezandonda, mbozi zimene zinasautsa dziko mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017. Koma kuyesa ndi kuloleza n'zosiyana. Zokolola za m'munda woyeserera sizituluka kunja kwa mpanda.

Kodi kudya chakudya cha GMO kumadwalitsa?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati zakudya za GMO zimene zili pa msika zinapimidwa ndipo sizinapezeke kuti n'zovulaza anthu. Ku South Africa, kumene chakudya chachikulu ndi chimanga ngati kuno, chimanga chambiri cholimidwa ndi GMO, ndipo anthu akhala akuchidya kwa zaka zoposa makumi awiri. Mphekesera zakuti chimachotsa mphamvu ya abambo kapena kutseka m'mimba mwa amayi zilibe umboni. Komabe mawu akuti GMO akuphatikiza mbewu zambiri zosiyana, choncho iliyonse iyenera kupimidwa payokha.

Ndani akulimbikitsa mbewuzi, ndipo ndani akuzikana?

Funso ili alimi salifunsa kawirikawiri, koma ndilo lofunika kwambiri. Mbali imodzi kuli makampani a mbewu monga Bayer, imene inagula Monsanto mu 2018. Kuli bungwe la AATF la ku Nairobi, limene limakambirana ndi makampani kuti luso lawo lifike kwa alimi ang'onoang'ono, ndipo lalandira ndalama kuchokera ku Rockefeller Foundation, Gates Foundation ndi boma la America. Pulogalamu ya Program for Biosafety Systems, imene inayamba ndi ndalama za bungwe la boma la America la USAID, inaphunzitsa akuluakulu a boma m'mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, kalembedwe ndi kayendetsedwe ka malamulo amenewa. Mbali inayo kuli mabungwe ngati African Centre for Biodiversity ya ku Johannesburg, ndiponso msika wa ku Ulaya, kumene ogula ambiri safuna GMO. Mkangano wa America ndi Ulaya pa nkhaniyi unafika mpaka ku bungwe loona za malonda pa dziko lonse la WTO mu 2003.

Kulandira thandizo si mlandu, ndipo pakati pa olimbikitsa ndi okana pali asayansi ndi alimi a mu Africa muno okhulupirika. Chondidetsa nkhawa n'chakuti dziko lopanda makina okwanira oyezera ndi akatswiri olipidwa ndi boma lake limangodalira zimene lauzidwa ndi amene walipira msonkhano. Taonani za ku Kenya. Mu 2012 boma linaletsa kuitanitsa zakudya za GMO litamva za kafukufuku wa Gilles-Éric Séralini wa ku France, amene ankati makoswe odyetsedwa chimanga chotere anatupa zotupa. Magazini ya sayansi imene inafalitsa kafukufukuyo inamuchotsa chaka chotsatira, koma chiletso chinakhalabe mpaka 2022, ndipo chitachotsedwa nkhani inathamangira ku makhoti.

Kodi lilipo dziko limene linayesa n'kubwerera m'mbuyo?

Lilipo, Burkina Faso. Linayamba kulima thonje la Bt mu 2008, ndipo alimi ambiri analikonda chifukwa kupopera kunachepa kwambiri. Amene anasenzapo mpope pamsana dzuwa la ku Chikwawa kapena Balaka likuswa mtengo, mankhwala akudontha pamalaya, akudziwa kuti kuchepa kwa kupopera si nkhani yaing'ono. Vuto linatulukira kwina: ulusi wa thonjelo unali waufupi poyerekeza ndi wa thonje lakale limene dzikolo linkatchuka nalo, mtengo wake kunja unatsika, ndipo mu 2016 makampani ogula thonje analisiya. Jini yopha mbozi inkagwira ntchito bwinobwino. Chinalakwika ndi mtundu wa thonje umene anaikwatitsa nawo. Ku Nigeria zinayenda mwina: khobwe wa Bt wovomerezedwa mu 2019 anakonzedwa ndi asayansi a pa Ahmadu Bello University pogwiritsa ntchito mtundu umene alimi ankaudziwa kale.

Ndikalima thonje la Bt, ndisiye kupopera?

Musasiye kuyendera munda. Bt amapha mbozi, koma nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa madzi m'masamba satikhudza. Mbozi nazonso zimazolowera, monga zinachitikira ku India. N'chifukwa chake alangizi amati pambali pa munda pazikhala mizere ya thonje wamba, kuti mbozi zosazolowera zisathe.

Kodi n'zoona kuti mbewu ya GMO simera ukaibzalanso?

Imamera. Luso lopanga mbewu yosabereka linapangidwadi, koma silinagulitsidwepo kwa alimi. Chimene chimachitika n'chakuti mbewu zambiri za GMO ndi hayibulidi, ndiye zokolola zimatsika mukabwereza, komanso eni ake amaziteteza ndi malamulo a umwini. Mbewu ya thonje la Bt ndi yodula kuposa yakale, ndipo chaka chimene mvula yadula kapena ogula atsitsa mtengo, ngongole imatsala ndi mlimi.

Chimanga cha GMO chikadzaloledwa, chamakolo chidzatani?

Apa mpamene lamulo lathu lidzayesedwe. Minda yathu ndi yaing'ono ndipo imalekana ndi mzere umodzi kapena kanjira. Mphepo ikawomba nthawi ya ngayaye, mungu umawoloka malire. Mayi amene wasunga chimanga chake cholimba, chokonoka bwino mumtondo, akhoza kupezeka ndi jini imene sanaifune. Lamulo liyenera kunena momveka kuti mayi wotereyu sangaimbidwe mlandu ndi kampani, kuti thumba lililonse la mbewu ndi la ufa lilembedwe zimene zili m'kati m'chilankhulo chimene wogula amawerenga, ndiponso kuti zotsatira za ku Bunda zizifika kwa alangizi ndi makalabu a alimi chigamulo chisanapangidwe. Mbewu zamakolo zimene zikusungidwa ku nkhokwe ya mbewu ya ku Chitedze nazonso zimafunika ndalama za boma chaka ndi chaka, kuti zizibzalidwanso zisanafe.